Minga pa Kanjira ka Kuseri

Chimanga chitakololedwa, anthu a m'mudzi wa a Modesta, kufupi ndi Golomoti, anamasula mbuzi kuti zizidya mapesi monga amachitira chaka chilichonse. Posakhalitsa zina zinayamba kusowa. Mapazi a akuba ankatsata kanjira ka kuseri kwa nyumba, kodutsa m'bango n'kukatulukira kumsewu wa tala.

A Daudi, mlongo wawo wa a Modesta, anali wapampando wa komiti ya chitetezo. Anafika m'mawa ndi chikwanje, amuna anzawo akukoka nthambi za minga pambuyo.

"Achimwene, musatseke," anatero a Modesta. "Wyson amadzera pomwepo."

Wyson anali mwana wawo. Anakhalako kundende chifukwa cha mbuzi za eni, ndipo chitulukireni ankasenza katundu pamsika wa Mtakataka. Kwa mayi ake ankabwera masana, anthu ali kudimba, kudzera kanjira komweko kuti asakumane ndi amene anawabera.

"Sindikuti ndi iye, achemwali. Kumaphunziro anatiuza kuti kuba kumafuna zitatu: wofuna kuba, chinthu chosavuta kutenga, ndi malo opanda maso. Ziwiri zomalizazi tingathane nazo ndi manja athuwa."

"Nanga choyambacho? Chimene chimamulowa munthu mumtima?"

"Za mtima pitani nazo kwa ansembe ku Mua. Ine anangondipatsa wezulo."

"Ndinu malume ake inu."

A Daudi anayang'ana pansi. "Ndine malume akedi. Adzere kutsogolo ngati munthu."

Minga inaikidwa, ndipo kunena zoona mbuzi zinaleka kusowa. A Modesta sanatsutse zimenezo. Yawo yaikazi inaswa bwinobwino. Koma Wyson sanabwerenso. Masana alionse a Modesta ankakhala kuseri kwa nyumba akusankha nyemba zosankha kale, khutu lili kubango. Bango likagwedera, inkakhala mphepo kapena nkhuku.

Tsiku lina anapeza jumbo ya usipa itakolekedwa paminga. Tsidya linalo panali mapazi a munthu amene anaima nthawi yaitali, kenako n'kubwerera.

M'mawa mwake anavala chitenje cha kutchalitchi n'kudutsa pakati pa mudzi. A Clotilda, amene khola lawo Wyson analikhuthula, anali pamjigo.

"Mwatchenatu amayi! Ukwati uli kuti?"

"Ndikukatenga Wyson. Tidutsa pano pomwe. Moni mumupatsa kapena ayi, zili kwa inu."

A Clotilda anasiya kupopa.

Ku Mtakataka anamupeza akutsitsa matumba a mchere. Anali atawonda, tsitsi lili mbuu ndi fumbi. Atawaona anavula chipewa.

"Usipa ndinaupeza. Koma ine sindinabereke usipa. Tiye kunyumba."

"Tidzera kuti, amayi?"

"Pamjigo. Ine ndikhala patsogolo."

Wyson anafinya chipewa chija m'manja. "A Clotilda alipo?"

"Alipo, ndipo ndawauza."

Wyson anayang'ana mnzake akutsitsa thumba lina.

"Lero ayi, amayi. Miyendo singandifikitse."

A Modesta sanamukakamize. Wyson anawaperekeza pa siteji, n'kuwapezera mpando wa pawindo. Minibasi itadzaza, dzanja lake linali likadali pachitseko, mpaka kondakitala anati, "Aise, ukukwera kapena ukutsala?"

Wyson anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. A Modesta anapita atatembenukira kumbuyo, mpaka msewu unakhota.