Wodwala Wongoyerekeza

Kalata inafika mu Januwale 1995 itanyowa ngodya imodzi, m'chikwama cha munthu amene anaitenga ku boma ku Mwanza. Bester Chinkhuntha anaiwerenga ataimirira pa windo la mankhwala, kenako anakoka mpando n'kuiwerenganso atakhala, mwina poganiza kuti nkhani zovuta zimafewa munthu akakhala pansi. Sinafewe.

Bester anali atatha zaka khumi ndi zinayi pa kachipatala kena ka kumapiri a Neno. Kwawo kunali ku Dowa. Anayamba ndi kukolopa, kenako anamuika pa windo, ndipo popeza madokotala amene boma linkatumiza kumeneko sankatha miyezi itatu asanathawe matope, anthu anangomusandutsa "adokotala" iyeyo. Dzinalo linkamukomera, koma satifiketi analibe, ndipo chimenechi chinkamudya mumtima tsiku ndi tsiku.

Chaka chapitacho anamutenga ku maphunziro a masabata awiri ku Blantyre. Kumeneko anawaphunzitsa za fansida, mankhwala a malungo amene analowa m'malo mwa kolorokwini, komanso mmene munthu wa pa windo ayenera kulankhulira ndi wodwala. Kalatayo inachokera kwa aphunzitsi omwewo. Ankafuna kudziwa ngati zimene amaphunzitsa zimafikadi ku midzi kapena zimatsala m'basi. Choncho mu Febuluwale adzatumiza munthu wongoyerekeza kudwala, kapena wonena kuti wasiya wodwala kunyumba. Munthuyo sadzadziulula. Akadzachoka adzalemba zonse zimene waona, ndipo ochita bwino adzapatsidwa malo ku sukulu ya zamankhwala, zaka ziwiri zathunthu, satifiketi pamapeto.

"Sisitala, tandimasulirani," Bester anauza Mailesi, namwino yekhayo wa pamalopo. "Munthu sakudwala koma abwera kuchipatala. Ine ndikudziwa kuti abwera koma sindiyenera kumudziwa. Nanga mankhwala ndimupatse enieni?"

"Ndi kafukufuku ameneyo, a Chinkhuntha."

"Kale tinkati kazitape."

Mailesi anaseka, koma Bester sanaseke. M'nthawi ya chipani chimodzi, mnzake wina ku Dowa anayankhula mopyola pa bawo pamaso pa mlendo wogulitsa usipa, ndipo patatha masiku awiri kunabwera galimoto. Mnzakeyo anabwerako patapita zaka zitatu, mano ena atatsala komweko. Matipate atabwera anthu anati zimenezo zatha, aliyense ayankhule zakukhosi. Lero boma latsopanolo likutumiza mlendo wodzibisa, koma likuyamba lakulembera kalata yokhala ndi chidindo. Bester sanathe kudziwa ngati kumeneku kunali kupita patsogolo kapena ukazitape waulemu chabe.

Febuluwale atalowa, munthu wathu anasiya kuona odwala, anayamba kuona anthu oti awafufuze. Tsiku loyamba anakayikira bambo wina chifukwa anavala wotchi. Tsiku lachitatu anakayikira mphunzitsi amene anafika nsapato zili zoyera, poti ndi matope a ku Neno nsapato yoyera imafuna kufotokozedwa. Anafika mpaka poyang'anitsitsa mayi wina wachifuwa amene anakhala akumupatsa mankhwala kwa zaka khumi, n'kumadzifunsa ngati anthu a ku Blantyre sangagule munthu wa konkuno.

Aliyense ankalandira zonse za m'buku. Moni, dzina, zaka, matenda anayamba liti, mwamwapo chiyani, bwerezani zimene ndanena. Munthu wobwera ndi chilonda cha khasu ankachoka atamva ulaliki wa malungo. Mzere unkafika pa mtengo wa mango, ndipo anthu ankang'ung'udza kuti adokotala alowa mpingo watsopano.

"Mudzadwala nazo izi," Mailesi anamuchenjeza. "Ingogwirani ntchito monga mwa masiku onse."

Koma apo ndi pamene panali vuto, chifukwa ntchito ya masiku onse ya Bester sinkafanana ndi buku. Buku linkati mankhwala saperekedwa wodwala usanamuone. Bester ankadziwa mapiri ake. Ankadziwa kuti mayi wa kutsidya kwa mtsinje sangabereke mwana wamkulu maola anayi m'dzinja, ndiye kwa zaka zonsezi ankafunsa bwinobwino, n'kukulunga mapiritsi m'kapepala, n'kunena kuti mwana akapanda kusintha amunyamule zivute zitani. Palibe anamuphunzitsa zimenezo, ndipo palibe wa ku boma ankazidziwa.

Lachinayi la sabata yachitatu, Mailesi atapita kukachititsa sikelo ya ana ku mudzi wina, pa windo panaima mayi amene Bester anali asanamuonepo. Anali wamtali, wa zaka ngati makumi atatu, atavala chitenje chatsopano chimene chinanyowa mpaka m'chifuwa. Kumbuyo kunalibe mwana.

"Muli bwanji adokotala? Ine ndine Dorica, ndachokera kwa Ezekiele, kutsidya. Mwana wanga Falesi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, watentha thupi, lero ndi tsiku lachitatu. Dzulo wasanza kawiri. Sanakomoke, madzi akumwa, koma chakudya akukana. Sindinamupatse mankhwala alionse."

Bester anatchera khutu. M'zaka khumi ndi zinayi anali asanamvepo munthu wa kumudzi akufotokoza matenda mwadongosolo chotero. Anthu ake ankayambira ku maliro a mwezi watha, n'kudzera kwa apongozi, ndipo kutentha thupi kunkatulukira kumapeto ngati nkhani yapadera. Uyu anayankha mafunso onse a m'buku asanafunsidwe ndi limodzi lomwe. Bester anayang'ana chitenje chonyowacho ndipo anawagomera anthu a ku Blantyre. Sachita zinthu mwachibwana, mpaka kumuviika munthu m'madzi.

Anakonza kolala, n'kukweza mawu pang'ono kuti chilichonse chimveke.

"Zikomo mayi, mwafotokoza bwino. Mwanayo ali kuti?"

"Ali kunyumba, ndamusiyira mlamu wanga. Mitengo ya pa mlatho inapita ndi madzi, tikuoloka chogwirana manja. Bambo ake ali ku ntchito ku Thyolo. Ndinaopa kulowa naye m'madzi aja."

"Pepani mayi. Malamulo a zamankhwala salola kupereka mankhwala wodwala tisanamuone. Kutentha thupi si malungo okha. Mubwere naye mwanayo timuyeze."

Mayiyo anayandikira pa windo n'kutsitsa mawu.

"Kodi adokotala, anzanga amati mumathandiza. Ine ndangosamukira kumene kuno, kwathu ndi ku Ntcheu. Kumeneko ndinataya mwana woyamba ndi matenda omwewa, n'chifukwa chake ndimawadziwa. Chonde, piritsi limodzi lokha."

Apa Bester anagwedezeka. Dzanja lake linapita lokha pa chitini cha fansida, monga linkachitira nthawi zonse. Kenako anakumbukira kuti aphunzitsi ananena kuti makasitomala ena amakakamiza, ndipo wophunzira bwino amaoneka pamenepo. Anaona kuti uwu ndiwo msampha weniweni, ndipo anabweza dzanja. Anamufotokozera mayiyo kuti azimupukuta mwana ndi kansalu konyowa ndi kumumwetsa madzi pafupipafupi, n'kumuuza kuti abwereze. Mayiyo anabwereza zonse osaphonya.

"Mwachita bwino," Bester anatero akumwetulira. Kenako anawonjezera motsitsa, ngati anthu awiri odziwana, "Mukalembe bwino kumeneko."

"Ndikalembe chiyani, adokotala?"

"Basi, yendani bwino."

Mayiyo anamuyang'ana kanthawi, n'kutembenuka. Bester anamutsatira ndi maso kuti aone ngati pa mphambano pabisala galimoto, koma mayiyo anatsika njira ya kumtsinje. Bester anati mumtima galimoto aisiya kutali dala.

Kuyambira tsiku limenelo anapepukidwa. Mayiyo sanabwerenso ndi mwana, ndipo kwa Bester umenewu unali umboni womaliza. Ulaliki wa pa windo unatha, mzere unafupika, ndipo Mailesi atafunsa chimene chasintha, anangoti mlendo uja anadza ndipo anapita. Analembera mkazi wake ku Dowa kuti ayambe kupempherera za sukulu.

Galimoto inafikadi, koma mu Epulo, mvula itadukiza. Munatuluka Mayi Fortunate Ngwira, mmodzi wa aphunzitsi a ku Blantyre aja, atanyamula faelo. Bester anawapatsa mpando wabwino wa m'chipinda cha Mailesi.

"Tiyambe ndi kupepesa, a Chinkhuntha," anatero Mayi Ngwira. "Munthu wathu sanafike kuno. Tinayesa kawiri mu Febuluwale, galimoto inatitimira m'matope maulendo onse awiri, tinabwerera panjira."

"Sanafike?"

"Sanafike."

"Koma mwina anatsika n'kuyenda wapansi. Mayi wamtali, wachitenje chatsopano."

"Ayi, wathu anali bambo, ndipo sanatsike m'galimoto. Ndiye kuti musaluze mwayi, tagwirizana kuti a zipatala zimene sitinafikeko tingowafunsa pakamwa."

Bester anayesa kusanja nkhaniyo m'mutu koma inkakana. Ngati wabodza sanabwere, ndiye kuti onse a mwezi uja anali enieni. Bambo wa wotchi, mphunzitsi wa nsapato, onse. Ndiye kuti kwa Ezekiele kunalidi mwana wotchedwa Falesi.

Mayi Ngwira anatsegula faelo. Anafunsa za mlingo wa fansida, iye anayankha. Anafunsa za mayi woyembekezera, anayankha. Pakamwa pankagwira ntchito pokha, mwini wake ali kutsidya kwa mtsinje.

"Lomaliza. Kwabwera kholo, likuti lasiya mwana wotentha thupi kunyumba, likupempha mankhwala. Mutani?"

Bester anayang'ana Mailesi, Mailesi anayang'ana pansi. Yankho loona analidziwa, ndipo la m'buku analidziwanso. Zaka khumi ndi zinayi za kutchedwa dokotala wopanda pepala zinamukankhira ku yankho la m'buku.

"Ndimuuza kuti abwere naye mwanayo."

Mayi Ngwira anachonga.

"Mwakhoza zonse. Sukulu ikutsegulidwa mu Juni. Kunena zoona, funso limeneli ifenso tikukanganirana. Anzathu ena akuti m'madera akutali ngati kuno n'kwabwino kholo lizipatsidwa mankhwala. Tikufuna tidzafufuze zimenezo chaka chamawa. Koma pakadali pano yankho ndi limene mwaperekali."

Bester anathokoza, chifukwa munthu wopatsidwa malo ku sukulu amathokoza.

M'mawa mwake anasiyira Mailesi makiyi, anaika mapiritsi m'thumba la malaya, n'kutsika njira ya kumtsinje. Iye mwini ankadziwa kuti mapiritsi a mu Epulo sachiza malungo a mu Febuluwale, koma kupita chimanjamanja kunamukanika. Madzi anali ataphwa, ankalekeza m'mawondo. Anakwera phiri maola atatu akufunsa njira.

Anamupeza Dorica pakhomo akusankha mbatata ya kachewere. Mayiyo anamuzindikira nthawi yomweyo, anathamangira mpando, n'kugwada chapatali kupereka moni.

"Ndabwera kudzafunsa za mwana uja," Bester anatero.

"Falesi anatisiya, adokotala. Loweruka la sabata yomwe ija. Nditabwerako ndinapeza wayamba kukomoka. Lachisanu tinayesa kumunyamula ndi alamu anga, koma madzi anali atawonjezera, amuna omwe anakana kuoloka."

Bester anagwira thumba la malaya n'kulisiya. Chisoni ndi manyazi zinamugwira pamodzi, ndipo anayembekezera kuti mayiyo amulalatire. Akanakonda kutukwanidwa.

"Mundikhululukire ine," Dorica anapitiriza. "Sindinadziwe kuti malamulo anasintha ndi boma latsopanoli. Ndikanadziwa ndikanalimba mtima n'kuoloka naye tsiku lomwe lija, madzi asanachuluke. Koma musadandaule, ndinawauza anzanga onse kuno, ndi ku tchalitchi komwe ndinalengeza, kuti asamavutike kupita kuchipatala opanda wodwala. Palibenso amene adzakuvutitseni."

Apa Bester anazindikira kuti kuyambira Febuluwale sanaonenso munthu wa kutsidya pa windo lake.

"Mayi, lamulo silinasinthe. Kapena linalipo kale, koma ine sindinkalitsata. Tsiku lija ndinalitsata chifukwa ndinkayesa kuti inu si inu."

"Si ine bwanji?"

"Ndinkayesa kuti mwatumidwa. Kuti mwana kulibe."

Dorica anamuyang'ana monga anamuyang'anira pa windo paja, akuyesetsa kumvetsa zonena za munthu wophunzira.

"Kodi alipo munthu angaoloke madzi aja mwana kulibe?"

Bester anatsegula pakamwa kuti afotokoze za kalata, za aphunzitsi a ku Blantyre ndi za satifiketi, koma Dorica anali atadzuka kale n'kuyamba kumusankhira mbatata zikuluzikulu zoti anyamule.