Mabatani a Kumanzere

"Ichi chasokonezeka, achemwali," anatero Mzime, akugwedeza padi, kachipangizo kogwira m'manja posewera gemu. "Ndikadina pothamangitsira, galimoto ikuima. Bambo anachita chiyani apa?"

Anesi, mlongo wake wamkulu, anasiya kupinda malaya a malemu. Panali patangopita masiku ochepa chiwaikire bambo awo m'manda, ndipo awiriwa ankalongedza katundu pabalaza. Mzime anali atalamula kale, monga amachitira ana otsiriza kubadwa, kuti gemu ya mpikisano wa magalimotoyo apita nayo kwa ana ake.

"Zinthu zamasiku ano nazonso!" anapitiriza. "Batani limodzi ntchito zitatu, zosankha mbwee, ngati ukuulutsa ndege. Ndiye bambo aja, oti rimoti ya tivi inkawazunguza mutu? Ndingofufuta zonse, zibwerere mmene zinachokera kusitolo."

Chala chake chinali kale pabatani lofufutira.

"Taima kaye," anatero Anesi. Anali ataona kuti padiyo yaperepeseka mbali ya kumanzere kokha, kumanja kukadali gwa, ngati yogula dzulo.

"Usafufute, mwanangu. Ndi yanga imeneyo."

Anali amayi awo, pampando wa pawindo. Chidwalire sitiroko, dzanja lawo lamanja linkangogona pamwendo, ndipo mawu ankatuluka mokoka.

"Yanu, amayi?"

"Nditadwala ndinkangokhala duu, osafuna kuyankhula ndi munthu. Bambo anu anagula ichi, akuti chindichotse maganizo. Ndinachiponya uko. Ndinati, chinthu cha manja awiri mukundipatsa ine, mukundinyoza?" Anapuma pang'ono. "Anangovala magalasi. Tsiku ndi tsiku ali nacho, kuchikalipira ngati mwana wosamva. Kusitolo anabwererako mpaka ogulitsa ankabisala akawaona. Anasamutsa batani lililonse, limodzilimodzi, kulibweretsa kumanzere kuno. Ukafufuta, andibwezere ndani? Iwe?"

Mzime anayang'ana mizere ya zosankha ija pa tivi, nakanda m'mutu.

"Ine sindingathe," anavomera, nachotsa chala chake.

Anesi anamva kutentha m'maso. Bambo awo anali munthu wosadziwa kunena mawu okoma, ngakhale pafoni ankangofunsa ngati mvula ikugwa. Anawathokoza mumtima ndi mphamvu zonse, ngati ali pomwepo akumva.

Mzime anapereka padiyo kwa amayi, natola ina imene inali pashelefu, ya bambo, kuti aone. Anadina kumanja, galimoto osasuntha.

"Aa, iyinso?"

Amayi anaseka, kuseka koyamba m'nyumbamo chichitikire maliro.

"Ankati kundipambana ndi manja awiri ndi kuba. Lamanjalo ankalikhalira, kuti lisawanyengerere."

"Nanga ankapambana?"

"Bambo anu? Ankangogunda zipupa! Ine ndafika kalekale, iwo akubwerera m'mbuyo."

Mzime anatulutsa mawaya ena a gemuyo amene anali ataika kale m'katoni, nawabwezera pashelefu mwakachetechete. Amayi anakhazika padi yawo pamwendo, chala chachikulu chitapeza kale malo ake.

Anesi analanda inayo kwa mlongo wake, nakhala pampando wa bambo, womwe unali utalowa pakati chifukwa chokhalidwa. Ananyamuka pang'ono, naika dzanja lake lamanja pansi pa ntchafu.

"Yambitsani, amayi," anatero.