Msoko wa pa Chigongono

Fawzeya anakhala mu Kairo zaka makumi anayi ndi zitatu osapondamo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ngakhale imodzi. Sikuti ankadana nazo ayi, ankangoziona ngati malo a azungu ovala makabudula ndi ana asukulu. Iye yake inali singano. M'dera lonse la Shubra kumene ankakhala, thalauza likapsa ndi ndudu kapena jekete likadyedwa ndi njenjete, anthu ankakwera masitepe kukagogoda kwa Make Tarek, ndipo chovala chikabwerera, mwiniwake ankachitembenuza uku ndi uku osapeza pamene panali bowo.

Amene anamukokera kumeneko anali Demiana, mnansi wake wa khomo loyang'anizana nalo, Mkhristu wa Chikoputi amene anakalamba naye limodzi pa masitepe omwewo. Demiana anachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo ali chigonere m'chipatala analonjeza kuti akadzayendanso adzakayatsa kandulo ku matchalitchi akale a ku Mari Girigisi.

"Undiperekeze, Make Tarek," anatero Lachitatu lina m'mawa. "Ana anga onse ali kuntchito."

"Iwe ukufuna ndodo, osati mnzako."

"Ndodo ndili nayo, koma siyankha mwano. Ndingasungulumwe. Vala tizipita."

Anakwera sitima yapansi pa nthaka. Atafika, Demiana analowa m'tchalitchi ndipo anapeza mapemphero atangoyamba, ndiye kandulo imodzi ija inasanduka maola awiri. Fawzeya, pokhala Msilamu, anakhala panja pa benchi mpaka dzuwa linamupeza. Pafupi pomwepo panali geti, kuseri kwake mitengo, ndi nyumba yamawindo a matabwa olukanalukana, yosungiramo zinthu zakale za Akoputi. Analowamo chifukwa cha mthunzi basi.

Miyala yosemedwa mphesa ndi mitanda anaipitirira mofulumira. Zithunzi za oyera mtima amaso akuluakulu anazipatsa ulemu n'kudutsa. Koma atakwera m'mwamba n'kulowa m'chipinda cha nsalu, miyendo inaima yokha.

M'bokosi lagalasi munali kamalaya ka mwana, ka bafuta wofiirira ndi ukalamba, kokhala ndi mizere iwiri yotsika kuchokera m'mapewa, m'mizeremo muli tiabakha totsatana. Mwini wake sakanapitirira zaka zinayi. Kapepala ka pambali kankati kamalayako kali ndi zaka zoposa chikwi chimodzi ndi mazana anayi. Zimenezo Fawzeya sanazilabadire kwenikweni. Maso ake anali pa chigongono cha dzanja lamanja, pamene nsalu inatha ndipo wina anapalukanso ndi singano.

Ulusi utatu pamwamba, umodzi kubwerera. Utatu pamwamba, umodzi kubwerera. Unali msoko umene mayi ake anamuphunzitsa ali mtsikana kwawo ku Akhmim, msoko umene m'zaka zonsezi anali asanauonepo m'manja mwa telala aliyense wa mu Kairo.

"Haja, galasi limenelo ndalipukuta m'mawa uno."

Anadzidzimuka. Mphuno yake inali itasiya chizindikiro pagalasi. Wolankhulayo anali mlonda wa ndevu za pamlomo zotuwa, dzina lake Ramzi litalembedwa pachifuwa.

"Pepani bambo. Koma tandiuzani, anasoka apa ndani?"

Mlonda uja anawerama, nayang'ana, nakanda m'mutu. "Ine ndinayamba ntchito zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, Haja. Ndinapeza atasoka kale."

"Ndikufunsa zenizeni inetu."

"Ndaona kuti mukufunsa zenizeni. Anthu amandifunsa kuchimbudzi ndi potulukira, za chigongono ndinu oyamba. Mubwere Lachiwiri. Kuli Dokotala Maram amene amasamala nsaluzi. Iwowo mukawafunsa za ulusi, muyambe mwadyeratu."

Demiana anamupeza akadali pomwepo. "Ndakufunafuna mpaka ndimati akubatiza!" Fawzeya anamugwira mkono n'kumuonetsa chigongono chija. Demiana anayang'anitsitsa n'kunena kuti tiabakhato n'tokongola.

Kuchokera Lachitatu kufika Lachiwiri ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo Fawzeya analephera kukhala pansi. Ngati msoko wa mayi ake unali m'nyumba imodzi, bwanji m'zinazo? M'mawa mwake anakwera yekha kupita ku Tahrir, kunyumba yaikulu ya zinthu za Afarao. Anadutsa pakati pa zimiyala zotalika ngati nyumba, mafumu okhala manja ali pamaondo, mabokosi a maliro olowetsana ngati mapoto. Anafunsa mtsikana wina wovala baji kumene kuli zovala zong'ambika.

"Zagolide zili mbali iyo, amayi."

"Golide sang'ambika, mwana wanga. Ndati zong'ambika."

Pomalizira anapeza nsalu zopindidwa bwinobwino, zina zopyapyala moti munthu akanatha kuwerenga nyuzipepala kuseri kwake. Anaima nthawi yaitali akudzifunsa kuti ulusi wotere ankaupota ndi zala zanji. Pa nsalu ina panali chigamba, koma cha misoko italiitali, ya munthu amene mphika unali pamoto. Sunali msoko uja. Komabe anatuluka akumwetulira, poganiza kuti ngakhale m'masiku a Farao kunali akazi othamangira kukhitchini.

Loweruka anapita ku Bab al-Khalq, kunyumba ya zinthu zakale za Chisilamu, ndipo ulendo uno Demiana anakakamira kutsagana naye, ati bondo likufuna kuyendetsedwa. Anaona nyale zagalasi za m'mizikiti, mabuku a Kurani aakulu ngati chitseko cha kabati, ndi mitsuko yamkuwa. Demiana anaima patsogolo pa chitseko cha timatabwa tolumikizana mwa nyenyezi, popanda msomali ngakhale umodzi.

"Ichi munatenga kwathu. Chotchinga cha kuguwa la tchalitchi chathu n'chimodzimodzi."

"Kapena inuyo munaonera kwathu," anayankha Fawzeya.

"Ife tinayamba."

"Mchemwali wanga, kalipentala anali mmodzi. Lachisanu amagwira kwa inu, Lamulungu kwa ife."

Anaseka mpaka mlonda wa kumeneko anawatsokomolera. Msoko wa mayi ake sanaupezenso kumeneko, koma anapeza kansalu kolembedwa mawu achiarabu ndi ulusi wofiira, ndipo pakati penipeni pa liwu lina kufiirako kunasintha pang'ono. Ulusi unamuthera wopetayo, n'kutenga wina wosafanana. Fawzeya anamumvera chisoni ngati munthu womudziwa.

Lachiwiri anafika geti lisanatsegulidwe. Ramzi anamutengera kukachipinda ka kumbuyo, kozizira, konunkhira mankhwala. Dokotala Maram anali mayi wochepa thupi wa zaka za m'ma makumi atatu, magalasi ali pamutu. Anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Bokosilo sindingatsegule, amayi, kamalayako sikafuna kugwidwagwidwa. Koma tinakajambula mbali zonse ziwiri. Munaona kunja kokha. Mukufuna kuona mkati?"

Anatembenuza kompyuta. Fawzeya anasendera pafupi. Kunja msokowo unali wa mayi ake, koma mkati sunali. Wa mayi ake mkati umagona chogona, mizere yowongoka. Uwu ulusi unkazungulira kawiri usanatulukenso, n'kupanga ngati kaunyolo. Masiku asanu ndi limodzi onse aja anali akudziuza kuti wapeza agogo a agogo ake, ndipo anali atayamba kale kukonza m'mene akamufotokozere mwana wake Tarek pafoni.

"Si wathu," anatero motsitsa. "Ndakutayitsani nthawi."

Anatola chikwama chake. Koma maso anakana kuchoka pachithunzipo.

"Takulitsani apa, Dokotala. Ayi, m'munsimu."

Mizere isanu ndi itatu yoyamba inali yofanana ngati mano a chipeso, ndipo yonse inapendekera mbali imodzi. Kenaka panabwera mizere inayi yokhotakhota, yokokedwa kwambiri moti nsalu inachita makwinya, yopendekera mbali ina. Kenaka dzanja loyamba lija linabwereranso mpaka kumapeto.

"Anthu awiri awa," anatero Fawzeya. "Woyambayu ndi wamanzere. Onani polowera singano. Wachiwiriyu ndi wamanja, ndipo sadziwa kanthu, akukoka ulusi ngati akumanga mbuzi. Wina amaphunzitsa mnzake. Wamupatsa mizere inayi, waona kuti malaya aonongeka, walanda."

Dokotala Maram anatsitsa magalasi ake pamphuno. Anayang'ana nthawi yaitali, akuyendetsa chala m'mwamba ngati wagwira singano, kamodzi ndi dzanja ili, kamodzi ndi linalo.

"Koma sanamasule mizere yoipayo," anatero.

"Sanamasule. Ine mayi anga akanamasula, n'kundimenya khofi pamwamba. Uyu anali wofatsa. Kapena mwana amalira kufuna malaya ake."

"Kaunyolo aka mungakasoke inuyo?"

"Sindikudziwa m'mene kamayendera. Mundipatse chithunzicho papepala."

Kwa milungu itatu m'nyumba mwa Fawzeya munalibe pilo yokhala ndi chovala chake chathunthu. Ankaboola dala, n'kusoka, n'kutembenuza, n'kumasula. Kunja kunkatuluka bwino, mkati kaunyolo kankakana. Jekete la mphunzitsi wina linakhala pa msomali mpaka mwiniwake anabwera kachitatu. Anayesa ndi dzanja lamanzere, koma dzanjalo linali ngati la munthu wina.

Madzulo ena Demiana anabwera ndi mbale ya therere kuti azidula akucheza. Fawzeya anali akudandaula za kaunyolo kaja pamene anaona mpeni. Unali m'dzanja lamanzere.

"Iwe! Ndiwe wamanzere?"

"Zaka makumi atatu tikudyera limodzi, ukuona lero? Kudya ndi kulemba anandimenya mpaka ndinasintha. Mpeni anaiwala."

"Siya therere. Gwira singano iyi."

"Ine? Batani la malemu amuna anga, bambo ake a Mina, ndinkabweretsa kwa iwe!"

"Gwira. Utatu pamwamba, umodzi kubwerera. Usaganize, ingosoka."

Demiana anasoka akung'ung'udza, lilime lili panja. Anadzibaya kawiri, n'kuitana oyera mtima atatu. Misoko yake inali yomvetsa chisoni. Koma Fawzeya sankayang'ana misoko, ankayang'ana chala chachikulu. Pobwerera, Demiana ankapanikiza ulusi ndi chala kuti usamusokoneze, ndipo singano inkadutsa pansi pa ulusiwo m'malo modutsa pamwamba. Fawzeya analanda nsaluyo n'kuitembenuza. Kaunyolo kanali pomwepo, kokhota, konenepa, koma komweko.

Anakuwa mpaka a m'nyumba ya pansi anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Panapita masiku ena anayi kuti dzanja lake lamanja liphunzire kuchita dala zimene la Demiana linkachita mwangozi. Lachiwiri lotsatira anapita onse awiri, Demiana atavala diresi lake la ku ukwati, ati popeza wotulukira ndi iyeyo. Dokotala Maram anaika kansaluko pansi pa galasi lokulitsa zinthu, pambali pa chithunzi chija, ndipo anaitana anzake awiri a m'chipinda china kuti adzaone. Anafunsa mafunso ambiri, ena Fawzeya anayankha, ena anati sakudziwa.

"Amayi, Lachiwiri mumakhala ndi zochita zambiri?"

"Zong'ambika sizitha, mwana wanga."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Tabwerani muone."

Anawatsogolera pa khomo lina, n'kuyatsa magetsi. Chipindacho chinali chachitali, makabati achitsulo mbali zonse ziwiri, kabati iliyonse madilowa opyapyala kuyambira pansi mpaka m'mapewa.

"Zimene zili m'magalasi kunja kuja n'zochepa," anatero Dokotala. "Zambiri zili muno, ndipo zosokedwasokedwa sitinaziwerenge n'komwe. Ine ndimadziwa zaka zake ndi utoto wake. Manja a amene anazisoka sindiwadziwa."

Demiana anafunsa ngati pali mpando, ndipo anamubweretsera. Fawzeya anasamba m'manja, anamuveka magolovesi omukulira, ndipo Dokotala anakoka dilowa loyamba pang'onopang'ono. Munali sokosi imodzi yaubweya, ya mizere yofiira ndi yachikasu, yogawika pa chala chachikulu kuti mwini wake azivalira nkhwaira. Chidendene chake chinali chitatha, ndipo panalibe amene anachisoka.

Fawzeya anawerama mpaka mpweya wake unagwedeza kapepala ka pambali.

"Nanga inzake ili kuti?" anafunsa.