Majini a Nkhumba Zakuda

"Ine ndili moyo, mtundu wa nkhumba zanuzi sudzatha. Inu chanu n'chimodzi, bambo: musazisakanize."

Anawalonjeza choncho akadali mtsikana, tsiku limene ankadula nsonga za makutu a nkhumba n'kumaponya m'timabotolo toti apite nato kusukulu kunja. Chaka chimenecho chigodola chinasesa makola onse a m'deralo, koma nkhumba zakuda za bambo ake, zazitali mphuno zija, zinangogona masiku ochepa n'kudzuka. Iye ankafuna kukawerenga majini a nkhumbazo, aone chimene chinaziteteza.

"Ziweto zanga zili ndi majini?" bambo anaseka mpaka kutsamira khola. "Ndiye uitane abusa, osati mabotolo."

"Si mizimu, bambo. Ndi malembo a chibadwa, amene mwana amatenga kwa mayi ndi kwa bambo."

Tsopano anali ataima pakhola lomwelo, imvi zitayamba, nsapato zakunja zikumira m'matope. Maliro a bambo ake anawapeza ataikidwa kale. Zipinda za khola zinali zosesedwa bwino ngati za alendo, koma zopanda kanthu. Mpanda unali wowirikiza, wina mkati mwa unzake. M'chipinda chakumapeto munali nkhumba imodzi yaikazi, miyendo yakumbuyo yopindika, chibwano chokhota.

"Zinazo zili kuti?" anafunsa.

Mlongo wake wamng'ono, woyendetsa lole, anali pamwamba pa khola akuzula malata. Anatulutsa msomali umene analuma.

"Mwafunsa msanga, achemwali. Mukanadikirako zaka zina khumi."

"Iwe," anatero mayi awo, amene ankatsuka chidebe cha gaga pampopi. Kenaka anayankha okha, osadzutsa mutu. "Zinatha pang'onopang'ono. Poyamba imodzi inkabereka ana odzaza dengu. Kenaka atatu, kenaka awiri. Ena akufa kale, ena opanda potulukira chimbudzi. Bambo ako ankawakwirira kuseri uko. Aneba anabwera ndi yaimuna yawo, yakuda ngati zathu zomwezi, yochokera kwa apongozi awo kutali. Anati tibwereke ulere. Bambo ako anawathamangitsa ndi fosholo. Anati mwana wanga anati tisasakanize. Mpanda wachiwiriwo anamanga sabata yomweyo."

Koma mwana wawoyo sankatanthauza zimenezo. Iye ankanena nkhumba zoyera za m'mafamu akuluakulu, zokula msanga, zimene aliyense ankazithamangira nthawi imeneyo. Sankanena yakuda ya aneba. Ophunzira ake a chaka choyamba amadziwa kuti mtundu wosalandira magazi achilendo umadzidya wokha. Ndipotu iye mwini anaziona kalekale pakompyuta: m'nkhumba za bambo ake, malembo ochokera kwa mayi ndi ochokera kwa bambo ankafanana mtunda wautali, chizindikiro chakuti abale ayamba kale kuberekana okhaokha. Anazilemba bwino m'Chingerezi chosalala, anthu a m'maholo ofunda anaomba m'manja, ntchito inakwera. Koma pafoni ndi bambo ankakamba za mvula ndi za mankhwala a bondo. Pomaliza iwo ankati, "Majini ako ndikusunga," iye n'kuseka, n'kudula.

"Iyi mukuionayi," anatero mlongo wake, akuloza ndi hamala, "bambo ake ndi agogo ake omwe, amalume ake ndi omwewonso. Itati ikwatiwe, akuchimuna ndi akuchikazi angakwane pabenchi imodzi."

Mchemwali wakeyo anayang'ana denga la kholalo.

"Malatawo ukuzuliranji? Iyi igona pati?"

"Wabutchala akubwera masana ano. Amayi akukakhala kwathu, ndipo nyumba ya lendi siloleza ngakhale nkhuku."

"Osaipha! Ikhoza kuberekabe kamodzi. Ya aneba ija ikadalipo?"

"Alipo mdzukulu wake," anatero mayi.

"Ndiye basi. Ikatenga bere la yakunja, ana akhoza kubadwa amphamvu. Theka la mtundu lipulumuka."

Mlongo wake anatsika pamakwerero, napukuta manja pabuluku. Ulemu wake unali wakuthwa kuposa chipongwe.

"Nzeru yabwino, adokotala. Bere la nkhumba ndi miyezi inayi kuperewera pang'ono. Kenaka kuyamwitsa, kutsuka khola, kusaka gaga. Ine ndimagona pamsewu. Amayi msana unatha. Ndiye kuti inuyo mukhala?"

Mayi anatseka mpopi. Kwa nthawi yoyamba chifikire, anamuyang'ana m'maso, ndipo m'maso mwawomo munalibe mlandu, munali chiyembekezo. Chimenecho ndicho chinamulemera. Anaganiza za labotale, za ophunzira omudikira, za nyumba yake yaukhondo kumene palibe chimene chimalira ndi njala m'mawa. Zaka zonsezi ankadandaulira anzake kuti kwawo kunali fungo la dothi lenileni. Fungolo linali pano, likumukola kummero.

"Majini onse a mtunduwu ndinasunga pakompyuta," anatero motsitsa. "Palibe chilembo chotayika."

"Zikomo," anatero mlongo wake. "Kompyutayo ikabereka mutitumizireko kamwana."

Mayi anatsegulanso mpopi.

Wabutchala anafika dzuwa litapendeka, ndi kagalimoto kabokosi ndi zingwe zambiri. Anapinda manja a malaya, akuyembekezera nkhondo.

"Zakudazi ndimazidziwa, mayi, zimaluma. Patukani."

Anatsegula chitseko. Nkhumba inatuluka ikutsimphina, inamununkhiza nsapato, kenaka inagona chammbali pamapazi pake n'kukweza mwendo wakutsogolo.

"Aa! Ikudwala?"

"Ikufuna muikande m'khwapa," anatero mayi. "Mwini wake sankatsegula chitseko chimenecho osaikanda."

Wabutchala anayang'ana chingwe chili m'manja mwake, anayang'ana anthu atatuwo. Kenaka anagwada m'matope, nayamba kuikanda ndi zala zake zonenepa. Nkhumba inatsinzina. Anaikanda nthawi yaitali kuposa mmene ntchito inkafunira, ndipo pomanga miyendo sinalire.

Anainyamula awiri, wabutchala ndi woyendetsa lole uja, naigoneka m'bokosi. Galimoto inatuluka pachipata, inakhota pamsewu.

Mtundu wa nkhumba zakuda za bambo ake unathera pamenepo, iye ali moyo.