Maina Awiri pa Tsamba Loyamba

Moni kwa inu amene mwatsegula nkhaniyi, kaya muli pa benchi kudikira basi, kaya mwakhala pakhonde ntchito zitatha. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga kufikira lero, inu kuti muwerenge, ine kuti ndiulule. Ndikuthokozanso inu pondibwereka makutu, pakuti nkhaniyi si yondikometsa.

Ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale, komanso mkulu wa mpingo. Imvi zitayamba kale kutuluka, ndinabwerera ku koleji, kumaphunzira Loweruka lililonse pamodzi ndi aphunzitsi a m'sukulu zina. Chaka chomaliza panali phunziro la kafukufuku, ndipo anatigawa awiriawiri. Ine anandiphatikiza ndi mayi wina wophunzitsa kalasi lachinayi kutsidya kwa tauni, amene tonse tinkawatcha Mayi a Mapasa. Amuna awo anamwalira mapasawo asanayambe kuyenda. Iwo ankanditcha abambo, popeza m'kalasi monse wamkulu ndinali ine.

Wotiphunzitsa anali wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi makumi awiri, koma tinkawaopa. Tinawapatsa dzina loti a Rula chifukwa ankayenda ndi rula m'thumba la malaya, ndipo pepala lililonse ankayamba aliyeza m'mphepete asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe. Tsiku lina anatigawira malamulo a tsamba loyamba. Mutu wa kafukufuku ukhale pakati, chakumtunda, m'zilembo zonenepa. Mudumphe mzere umodzi, kenako maina a olemba, opanda Bambo, Mayi kapena Abusa. Pansi pake dzina la koleji, la phunziro, la wophunzitsa, ndi tsiku lopereka. Nambala ya tsamba kumwamba, kudzanja lamanja. Maluwa ayi, vesi ayi. Ponena za vesi anayang'ana ine, kalasi lonse n'kufa nazo nseko.

Lamulo lomaliza linali lakuti dzina loyamba likhale la amene watsogolera ntchito, chifukwa ameneyo amalandira malikisi khumi oonjezera. Kwa ine malikisi amenewo anali ongokometsera, ndinali nditakhoza kale. Kwa Mayi a Mapasa anali mlatho wokhawo. Mayeso a pakati pa chaka sanalembe, anali m'chipatala ndi mmodzi wa mapasa aja. A Rula anawauza mosapita m'mbali, ine ndili pomwepo, kuti popanda malikisi khumiwo alephera ndipo adzabwereza chaka. Koma kubwereza sikukanatheka, chifukwa mng'ono wawo amene ankatsala ndi ana Loweruka anali pafupi kukwatiwa kutali. Titatuluka ndinawauza kuti asadandaule, Mulungu akonza.

Kafukufuku wathu anali wofuna kudziwa chifukwa chake ana ena sabwerera m'kalasi ikatha nthawi yopuma. Ndikuti wathu, koma ndikuchita manyazi ndi liwu limeneli. Mayi a Mapasa anayenda makomo makumi anayi akaweruka kuntchito. Anakhala pa mipando yothyoka kufunsa makolo, agalu anawauwa, nsapato imodzi inaduka lamba. Anadzaza makope atatu. Ine ndinalemba ndime ziwiri za mawu oyamba, zina zonse zinali zifukwa: msonkhano wa akulu a mpingo, maliro, alendo a ku ofesi ya maphunziro. Sanadandaulepo. Ntchito itatha anandipatsa zonse zolembalemba kale, n'kunena kuti popeza ndili ndi kompyuta ndi makina osindikizira ku ofesi, ndingokonza tsamba loyamba ndi kusindikiza.

Linali Lachisanu masana, ana ataweruka. Mu ofesi yanga muli kabati ya mafayilo imene chitseko chake sichitsekeka, belu lamanja pa tebulo, ndi zenera loyang'ana ku bwalo la mpira. Ndinayala pepala la malamulo pambali pa kompyuta n'kuyamba kutsata mzere ndi mzere. Mutu pakati, zilembo zonenepa. Mzere wodumpha. Dzina la Mayi a Mapasa, kenako langa. Mulungu ndi mboni yanga, poyamba ndinalemba choncho.

Kenako analowa wachiwiri wanga kudzatenga kiyi wa sitolo ya mabuku. Ndi munthu wa nthabwala, sadutsa chinthu osachiseka. Anasuzumira pa kompyuta, nati, "Abwana, kani nanunso mumakhala wachiwiri? Takulandirani ku mpingo wathu, mpando ulipo kumbuyoku." Anatenga kiyi n'kutuluka akuseka yekha.

Ndinatsala ndikuyang'ana maina awiri aja. Ndinakumbukira kuti kope limodzi lidzasungidwa ku laibulale ya koleji, lina lidzapita ku ofesi ya maphunziro kumene amandidziwa. Zaka makumi atatu dzina langa lakhala pamwamba: pa makalata a sukulu, pa ndandanda ya mapemphero, pa komiti ya maliro. Woyesa uja sanabwere ndi nyanga, anabwera ndi zifukwa zomveka bwino. Kodi wamkulu si iwe? Kodi mutu wa kafukufukuyu sunauganize ndiwe tsiku loyamba lija? Ndipo a Rula angalepheretsedi mayi wamasiye chifukwa cha mzere umodzi? Amangoopseza. Ndinachotsa dzina lawo pamene linali n'kuliika pambuyo pa langa. Sizinatenge nthawi yoposa kumeza malovu. Pepala linatuluka m'makina lili lofunda, ndinalilumikiza ndi masamba ena, n'kuika zonse mu envulopu.

Loweruka tinkapereka mu ofesi ya a Rula, awiriawiri, ena akudikira pamzere m'khonde. Ndinafika mochedwa dala kuti envulopu isatsegulidwe tisanalowe. Mayi a Mapasa anandilandira ndi nkhope yowala, atavala diresi la ku tchalitchi. Anafunsa ngati makina sanavute. Ndinati sanavute.

A Rula anasolola pepala, anatulutsa rula yawo, nayeza kumanzere, kumanja, kumwamba. Anagwedeza mutu mokhutira, nalikweza m'mwamba kuti a pakhomo aone, nati tsamba loyamba limakhala chonchi, osati zina zija zokhala ngati khadi la ukwati. Apo ndi pamene Mayi a Mapasa analiona. Ndinamva mpweya wawo ukuima pambali panga.

A Rula anawerenga mainawo, natiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye kuti mwatsogolera ndinu, bambo?"

Pakhomo panali anthu. Ena anali aphunzitsi amene ndinawalandirapo pa sukulu yanga ali ophunzira ntchito.

"Eya," ndinatero. "Tinathandizana."

"Mayi, ndi choncho?"

Mayi a Mapasa anayang'ana pansi. "Abambo anena kale."

Chidindo chinagunda pa tsamba lija, tsiku ndi ola, ndipo pepala linalowa m'bokosi.

M'khonde Mayi a Mapasa sanakweze mawu. Anangoti, "Mizere yonse yaongoka, abambo. Mwakonza bwino." Kenako anatsanzika, akuti basi ingawasiye. Ndinawaona akutsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali ngati munthu wochira kumene. Akanandimenya khofi, mwina ndikanapeza pogwira.

Kunyumba ndinapeza akazi anga akusita malaya anga a Lamlungu. Anapempha kuona kope limene ndinabwera nalo. Iwo sukulu sanapite nayo patali, amawerenga akulondola ndi chala, koma chalacho chinaima pa mzere wa maina osasuntha. Ankawadziwa Mayi a Mapasa. Kawiri konse anabwerapo kwathu ndi makope awo kudzandifuna ine kulibe, akazi anga n'kuwapatsa madzi akumwa ndi mpando.

"Kodi agalu aja ankauwa inu?" anafunsa.

Ndinayankha mwaukali kuti za ku koleji zili ndi malamulo ake amene iwo sangawamve. Anamaliza kolala, anapachika malaya pa msomali, nati, "Mawa ndinu wotsogolera pemphero la kulapa. Malaya ndasita. Zinazo musite nokha."

Lamlungu ndinaima kutsogolo kwa mpingo. Kwaya inali itangomaliza nyimbo yopempha kusambitsidwa mtima, ndipo ndinaimba nawo mavesi onse osayang'ana m'buku. Pemphero la kulapa ndalitsogolera kosawerengeka, mawu amangobwera okha ngati madzi a pa mpopi. Ndinayamba bwino. Ndinapempha chikhululukiro chifukwa cha ulesi wathu, chifukwa cha malilime athu. Kenako pakamwa panga panatuluka mawu opempherera amasiye ndi ana awo, kuti Ambuye awateteze kwa owadyera masuku pamutu. Pomwepo ndinakumbukira munthu wolemera uja wa m'Malemba, wa khola lodzaza, amene anakatenga kankhosa kamodzi ka mnansi wake wosauka. Ndaphunzitsapo nkhani imeneyi kwa ana a Sande sukulu, ndikukwiya naye munthuyo. Ndinaima chete, maso otseka, thukuta likutsika m'khosi.

Mpingo unaganiza kuti Mzimu wandigwira. Mayi wina wokalamba wa pa benchi yoyamba anafuula Ameni, ena n'kuvomereza. Potuluka anthu anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti pemphero la lero lawakhudza. Pa manyazi onse a sabata imeneyo, amenewa ndiwo anandiwotcha koposa.

Lolemba m'mawa ndinasiya sukulu m'manja mwa wachiwiri wanga, ndinasindikiza tsamba lina maina ali m'malo mwake, n'kupita ku koleji. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani yongochotsa pepala limodzi n'kuikapo lina. A Rula anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandipatsa mpando. Anati pepala lodindidwa silisinthidwa. Njira ndi imodzi yokha, kalata yopita ku komiti ya mayeso, yofotokoza chimene chinachitika, yosainidwa ndi tonse awiri, ndipo ifike malikisi asanatumizidwe Lachitatu m'mawa. Anaonjeza kuti wopereka umboni wabodza pa ntchito ya kafukufuku amalephera phunzirolo, ndipo kalatayo imakhala mu fayilo yake.

Ndikuulula kuti ngakhale pamenepo ndinayesa kuzemba. Ndinafunsa ngati sitinganene kuti kompyuta inasokoneza maina.

"Kompyuta sidziwa kuti wamkulu ndani, bambo," anatero. "Komanso ndinakufunsani ndi pakamwa panga, anthu akumva."

Kalatayo ndinailembera pa benchi ya m'khonde, pepala lili pa bondo. Ndinang'amba mapepala awiri. Pepala lachitatu ndinalipinda n'kukwera basi yopita kutsidya.

Ku sukulu ya Mayi a Mapasa ndinali ndisanafikepo. Kalasi lachinayi lili kumapeto kwa mdadada, pafupi ndi thanki ya madzi. Ndinaima panja pa zenera, chipewa m'manja, ana akusuzumira ndi kunong'onezana kuti kwabwera woyendera sukulu. Mayi a Mapasa anatuluka manja ali mbuu ndi choko, cholembera chofiira chili m'tsitsi. Sanandifunse za kunyumba. Ndinawapatsa kalata, anaiwerenga ataimirira.

Ndinali nditalemba zoona zambiri: kuti makomo anayenda ndi iwo, kuti makope anadzaza ndi iwo, kuti maina ndinasintha ndine. Koma chakumapeto ndinaikamo mzere umodzi wodzitchinjiriza, wakuti sindinazindikire kuti kusinthako kungawalepheretse. Atafika pamenepo anakweza maso.

"Tsiku lija a Rula ankanena za malikisi khumi, munali pambali panga, abambo. Munandiuza kuti ndisadandaule, Mulungu akonza."

Anasolola cholembera m'tsitsi n'kundipatsa. Ndinatsamiza kalata pa khoma, ndinakhwatcha mzere uja, pamwamba pake n'kulemba kuti ndinkadziwa. Zilembo zinatuluka ngati za mwana woyamba sukulu, zofiira, ana makumi asanu akuonerera pa zenera. Iwo anawerenganso, anasaina, nandibwezera.

Ndinayamba kupepesa, mawu amene ndinawakonza m'basi monse. Anandidula mofatsa.

"Kusaina ndasaina. Zinazo mundipatse nthawi."

Anabwerera m'kalasi, ndipo ndinawamva akuuza ana kuti atsegule mabuku pamene anasiyira.

Komiti inakumana Lachitatu. Mayi a Mapasa anakhoza. Ine ndinalephera phunziro la kafukufuku, ndipo chaka chotsatira ndinakhalanso m'kalasi lomwelo pakati pa nkhope zachilendo. Akandifunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndinagwa bwanji, masiku ena ndinkanena zoona, masiku ena ndinkangoti zinavuta. Akulu anzanga a mpingo ndinawauza ndekha, ndipo ndinapempha kuti pemphero la kulapa ayambe atsogolera ena. Mmodzi anati ndikukulitsa nkhani ya mzere umodzi.

Tsiku lolandira masatifiketi ndinapita, ndinakhala kumbuyo kwenikweni pakati pa achibale a anthu ena. Dzina la Mayi a Mapasa litaitanidwa, tiana tiwiri tofanana nkhope tinakwera pa mipando kutsogoloko n'kumakuwa kuti amayi, amayi. Ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse. Mwambo usanathe ndinatuluka, pakuti nthawi imene anapempha ija inali isanakwane, ndipo sikunali kwa ine kuiwerengera.

Inu amene mwandipirira mpaka pano, Ambuye akudalitseni. Akusungeni pa ntchito zazikulu, ndiponso pa zazing'ono zimene mumachita muli nokha m'chipinda. Mukagwa, akupatseni wokuuzani zoona pamaso, ndi miyendo yobwerera tsiku lisanathe. Mtendere wake ukhale pa nyumba yanu ndi pa onse amene mumagwira nawo ntchito. Ameni.