Amayi Asanu ndi Awiri Amene Anafufutidwa

"Apulofesa! Mukundidutsa ngati chitsa?"

Mwanahalima anatembenuka pakati pa chipiringu cha pa siteji ya matakisi ku Wynberg. Anali anti Aishah, akwawo a ku Mangochi, atakhala pa benchi nsapato atavula. Mapazi awo anali otupa mpaka m'akakolo.

"Sindinakuoneni, anti," iye anatero, ngakhale anali atawaona.

Mwanahalima ankamaliza digiri yachiwiri ya sitatisitiki, masamu a ziwerengero, pa yunivesite ya boma. Kafukufuku wake anali wa maola amene amayi a ku Malawi amagwira ntchito m'nyumba za anthu kudziko la eniko. Anti Aishah ndiwo anamutsegulira makomo. Lamlungu lina anamutenga khomo ndi khomo ku Hout Bay, n'kumauza anzawo amantha kuti mwanayu ndi wathu.

"Ndiye buku lija latha? Ine ndilimo?"

Mwa amayi mazana awiri amene Mwanahalima anawafunsa, asanu ndi awiri ananena kuti amagwira maola khumi ndi asanu ndi limodzi pa tsiku. Pa chithunzi cha ziwerengero pa kompyuta, madontho oimira mayankho awo anakhala patali okhaokha, ndipo ankasokoneza masamu onse. Masana ena iye anadziuza kuti amayiwo sanamvetse funso. Anawafufuta, n'kulemba kuti anali mayankho olakwika. Mzere wa pa chithunzicho unawongoka bwinobwino, ndipo mphunzitsi womuyang'anira anamuyamikira.

"Azungu awerenge, adziwe," anapitiriza anti Aishah, akusisita phazi. "Ine pofika faifi m'mawa ndili chilili. Ana a madamu, zovala, kenaka gogo wawo wofunika kumusambitsa ndi kumutembenuza. Lero ndi ofu yanga yoyamba mwezi uno. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa ndinakuuza zonse."

"Anti, ndinakuchotsanimo."

"Wati chiyani?"

"Inu ndi ena asanu ndi mmodzi. Maola anu anachuluka kwambiri. Ndinaganiza kuti mwina munalakwitsa kuwerenga."

Anti Aishah anasiya kusisita phazi. Sanakalipe.

"Kusukulu sindinapite patali, mwanangu, koma wotchi ndimaidziwa. Nambala yanga uli nayo. Unandiimbira kundifunsa?"

"Ayi. Pepani, anti."

"Pepani sapoletsa chilonda." Anavala nsapato zawo pang'onopang'ono, akuluma mlomo ndi ululu. "Mnzanga Jennie, madamu ake anatsala pang'ono kumuchotsa ntchito atamva kuti walankhula nawe. Nayenso unamufufuta?"

Mwanahalima anangogwetsa nkhope. Kondakitala anakuwa za Hout Bay, ndipo anti Aishah anakwera osacheuka.

Lolemba m'mawa Mwanahalima anagogoda pa ofesi ya mphunzitsi wake, n'kufotokoza zonse ali chiimire. Mayiyo anavula magalasi n'kupuma mozama. Anati amayi onse asanu ndi awiri abwezeredwe, aliyense afunsidwenso, ndipo mitu itatu ya bukulo ilembedwe mwatsopano. Za kulandira digiri mu Disembala aiwale.

Atatuluka, anakhala pa masitepe n'kuimbira mayi ake ku Mangochi. Iwo anayankha mokondwa, n'kuyamba kumuuza kuti pasipoti yatuluka, ndipo telala wamaliza diresi ya pa mwambo wolandira digiri.

"Amayi," iye anawadula mawu, "diresiyo muisunge kaye m'sutikesi. Chaka chino musabwere."

"Walephera?"

"Ayi. Ndinalakwira anthu. Khalani pansi ndikuuzeni."