Kapu ya Luwiza

Pageti anawabweza. Mlonda anati malowo ndi a alendo ogona, osati aliyense wobwera ndi nkhani za manda. Ndiye Enifa, namwino wosadziwa kugonja, analembetsa chipinda, mayi ake a Keziya n'kulowa ngati mlendo m'nyumba imene kale ankaopa ngakhale kuiyang'ana.

Nyumbayo inali ya mwini esiteti ya fodya, kufupi ndi boma la Mchinji, yomangidwa nthawi ya atsamunda. Tsopano inali hotela, ndipo anthu ankachokera kutali kudzagonamo chifukwa cha ukalamba wake womwewo. Nyumba ikakalamba amaipaka penti; munthu akakalamba amamufunsa chimene akufuna pageti.

A Keziya anakhalapo pa esitetiyo ngati tenanti, kuchokera kwawo ku Phalombe. Chaka cha referendamu mwana wawo Luwiza anamwalira ndi malungo atangoyamba kuyankhula. Tenanti alibe mudzi, alibenso manda, choncho anamuika kuseri kwa zigafa zoyanikamo fodya, pansi pa mtengo wa msuku. Pamtumbira anavundikirapo kapu yachitsulo imene mwanayo ankamwera phala, ataiboola kaye pansi ndi msomali kuti wina asaitole. Amuna awo, a Mateyu, anatsikira kulichete kalekale, ndipo Enifa nthawi ya malirowo anali kumudzi. Wodziwa pamene anagona Luwiza anatsala mmodzi yekha, ndipo maso ake anali kuchita mdima ndi matenda a shuga. A Keziya ankafuna kuloza malowo asanachite khungu, kuti Enifa adzamangepo chiliza.

M'mawa, bambo wina wa tayi, a Timoteyo, anasonkhanitsa alendo kukawaonetsa zakale. Anawaonetsa khonde lalitali, kenako belu limene linkadzutsa antchito. Alendo analijambula mokondwa, wina mpaka kuliimba. A Keziya anadzidzimuka ngati achedwa kumunda. Mtima wawo unali kuseri kwa nyumba basi.

Atafika kuseriko, mutu unaima. Zigafa kunalibe, msuku kunalibe, ngakhale chitsa chake. Kunali kapinga yekhayekha wosalala mpaka kumpanda, mipopi ikumuwaza madzi. A Keziya anatsinzinitsa maso, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko. Mapiri anali pomwe anawasiya, koma phiri silingakuuze pamene unaika mwana.

"Mwina tafika mbali ina, amayi," anatero Enifa.

"Mbali ndi yomweyi. Tifune kapu, mwanawe. Kapu siwola."

Anafuna m'mbali mwa mpanda, m'maluwa, mpaka a Keziya anagwada n'kumapapasa ndi manja. Alendo ena anawayang'ana cham'mbali, ndipo Enifa, manyazi atamugwira, anawadzutsa kuti atsatire gulu.

Ulendowo unathera m'chipinda cha zinthu zakale. M'kabati ya galasi munali nthungo, mikanda, makasu odyeka ndi dzimbiri. A Timoteyo anatulutsa kanthu koyera n'kukakweza m'mwamba.

"Iyi ndi kapu ya makolo athu akale. Taonani mmene inathera, mpaka kubooka."

"Bambo, ndiigwireko," anatero a Keziya.

Maso sanawathandize kwenikweni, koma zala zinadziwa. Chibowo chinali pakati penipeni, chogwirira chomangidwa ndi waya, mapotedwe ake a Mateyu.

"Siinabooke yokha iyi. Ndinaboola ndine. Munaitola pati?"

A Timoteyo anaseka pang'ono, poyesa kuti ndi nthabwala za okalamba. Enifa atawafotokozera, kuseka kunatha. Sanali munthu woipa, anangokhala munthu wonena zimene anamuuza.

"Pepani, mayi. Ine ndinazipeza zili m'kabati momwemu. Anatola ndi amene ankasalaza malo ndi thirakitala."

"Ali kuti anthuwo?"

"Anali aganyu ochokera kutali. Anamwazikana."

"Ndiye palibe ngakhale mmodzi woti andilozere? Ganizani bwino, bambo anga, ndagwira mwendo wanu. Maso angawa sadzaonanso mvula ikubwerayi."

A Timoteyo anayang'ana pansi. Kenako anati akapempha kwa abwana kuti mayiwo atenge kapuyo, ndithu abwana sangakane.

"Makapu ndili nawo kunyumba," anatero a Keziya. "Ndikufuna mwana wanga."

Anatuluka okha, Enifa akuwaitana m'mbuyo. Analowa pakapinga paja mothamanga, ngati munthu woti wakumbukira, koma sanakumbukire kanthu. Anali ndi mantha okhaokha, ndi chisoni choposa cha tsiku la maliro. Atafika pakati anaima, poti anazindikira kuti paliponse pamene angaponde pakhoza kukhala pamutu pa Luwiza.

"Tiyeni, amayi, madzi akukunyowetsani," anatero Enifa ali m'mphepete.

"Usabwere. Ungamuponde."

Anakhala chiimire pomwepo, phazi limodzi atalikweza pang'ono, akusowa politsitsira.